Lamba wa M'galimoto ndi Msinkhu wa Mwana

Mawu amene anaperekedwa kwa anthu a m'wodi pa msonkhano wa chitukuko, pa nkhani ya chitetezo cha ana okwera galimoto.



Pa misonkhano ya chitukuko nkhani ya misewu siisowa, ndipo m'pomveka. Msewu ukakonzedwa feteleza amafika m'nthawi yake, zokolola zimapita kumsika, ndipo wodwala amafika msanga kuchipatala. Pamodzi ndi misewuyo magalimoto nawonso achuluka. Kale galimoto inali ya boma, ya mishoni kapena ya mwini sitolo wotchuka. Lero mphunzitsi, namwino, mlimi ndi wamalonda wa pamsika amatha kuitanitsa Vitz, Passo kapena Sienta yoyendapo kale ku Japan, n'kufika kuno kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ngozi za pamsewu zabwera limodzi ndi chitukuko chimenechi, ndipo nkhani ya lero ikukhudza ana, amene sadzisankhira okha pokhala akakwera galimoto.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, mu lipoti lake la chaka cha 2023, linanena kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amamwalira pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Mwa anthu 100 alionse omwalira motere, oposa 90 ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya miyoyo yambiri. Bungweli likunenanso kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ngozi za pamsewu zimapha anthu ambiri kuposa matenda ena alionse. Lomwelo likutsimikiza kuti mpando woyenera wa mwana umachepetsa imfa za makanda okwera galimoto ndi 71 pa 100 alionse. Makolo amene amasamala za katemera ndi neti yoteteza ku udzudzu ayenera kuika nkhani ya pokhala mwana m'galimoto pa mndandanda womwewo.

Mfundo yaikulu ya nkhaniyi ndi imodzi: lamba wa m'galimoto anapangidwa potengera thupi la munthu wamkulu. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene ali m'magalimoto a masiku ano anapangidwa ndi katswiri wa ku Sweden, Nils Bohlin, wa kampani ya Volvo, ndipo anayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1959. Kampaniyo inalola kuti opanga magalimoto ena onse atengere luso limeneli mwaulere. Nzeru ya lambayu ili pa malo amene amagwira. Chigawo chapansi chimagwira mafupa a m'chiuno, ndipo chapamwamba chimadutsa pakati pa chifuwa n'kukagwira fupa la paphewa. Amenewa ndi mafupa olimba, otha kulandira mphamvu ya ngozi. Mwana wamfupi akakhala pampando wa akulu, lamba yemweyo amaphonya mafupawo, chigawo chapansi n'kukwera pamimba, chapamwamba n'kudutsa pakhosi.

Musanafike pa za mipando, nkhani iyenera kuyamba ndi zimene zimachitika galimoto ikawomba chinthu. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 50 pa ola siioneka yothamanga, pakuti ndi liwiro limene ambiri amadutsira pamalo a malonda. Koma ikawomba mtengo kapena galimoto inzake pa liwiro limeneli, munthu wosamanga lamba amapitirira ulendo ndi liwiro lomwelo mpaka atagunda chinachake. Kugunda kumeneko n'kofanana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa mtengo wa bulugama wotalika mamita 10. Zonsezi zimatha m'kuphethira kwa diso, ndipo pa kanthawi kameneko thupi limakoka ndi mphamvu yomwe ikhoza kufika pa kulemera kwake kuchulukitsa ka 30. Mwana wa makilogalamu 10 amakoka ngati makilogalamu 300, kumene kuli kulemera kwa matumba 6 a chimanga a makilogalamu 50. Palibe mayi kapena bambo, ngakhale wamphamvu chotani, amene angagwire matumba 6 a chimanga pamiyendo pake atamukokera mwadzidzidzi. Mwanayo amapulumuka m'manja n'kukawomba galasi lakutsogolo, kapena kuponyedwa kunja.

Chizolowezi chofungata mwana pamiyendo n'chochokera m'chikondi, ndipo palibe amene angadzudzule mtima wa kholo lotere. Komabe pali njira ina imene makolo ena amaiyesa yanzeru pomwe ili yoopsa koposa: kumanga lamba mmodzi mozungulira kholo ndi mwana yemwe. Pa ngozi thupi la kholo limapita kutsogolo ndi mphamvu ija, ndipo mwana amapanikizika pakati pa khololo ndi lamba. Lamba mmodzi ndi wa munthu mmodzi, ngakhale ana awiri aang'ono asamangidwe pamodzi.

Thupi la mwana lilinso ndi zofooka zake zimene wamkulu alibe. Mutu wa khanda umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a utali wa thupi lonse, pamene khosi lake likadali lanthete. Mafupa a m'chiuno mwa mwana ndi aang'ono ndiponso osalala, ndipo nsonga zake zimene zimakola lamba mwa munthu wamkulu zimakhwima mwana akamayandikira kutha msinkhu. N'chifukwa chake pa ngozi mwana amatha kutsetsereka pansi pa lamba, lambayo n'kulowerera m'mimba. Kumeneko kuli matumbo, chiwindi ndi kapamba, ndipo kuseri kwake kuli msana. Madokotala amawadziwa mabala amenewa: kunja kumangooneka mkwingwirima wodutsa pamimba, pamene m'kati matumbo ang'ambika kapena msana wathyoka. Mwana amene wachita ngozi n'kukhala ndi chizindikiro chotere apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuyenda ndi kuyankhula bwinobwino.

Pofuna kuthana ndi zofooka zimenezi, akatswiri anakonza mipando yoyenda ndi msinkhu wa mwana. Woyamba ndi wa makanda, woyang'ana kumbuyo kwa galimoto. Maganizo a mpando umenewu anachokera kwa Pulofesa Bertil Aldman wa ku Sweden, amene mu 1964 anatengera m'mene oyenda m'mlengalenga ankagonera chagada chombo chawo chikamanyamuka, kuti mphamvu igawike pamsana ponse. Mwana woyang'ana kumbuyo, galimoto ikawomba kutsogolo, mutu, khosi ndi msana zimatsamira pampando nthawi imodzi. Muyezo watsopano wa bungwe la United Nations, wotchedwa R129, umalamula kuti mwana akhale choyang'ana kumbuyo mpaka atakwanitsa miyezi 15, ndipo ku Sweden mabanja ambiri amapitiriza mpaka zaka 4. Wachiwiri ndi mpando woyang'ana kutsogolo wokhala ndi malamba akeake odutsa m'mapewa, m'chiuno ndi pakati pa miyendo. Pa muyezo wakale wa R44, mpando umenewu ndi wa ana olemera makilogalamu 9 mpaka 18. Mipando iwiriyi imamangidwa kugalimoto ndi lamba kapena ndi zokolera zachitsulo zotchedwa ISOFIX, ndipo ukamangidwa bwino mpando sugwedezeka kuposa masentimita 2 kapena 3 munthu akaukoka.

Wachitatu ndi mpando wokweza mwana, umene m'masitolo amautcha booster, ndipo ndi umene umaiwalika kwambiri. Makolo ambiri, ngakhale amene anagula mpando wa khanda, akaona kuti mwana wayamba sukulu amaganiza kuti wakula ndipo akhoza kukhala ngati wamkulu. Chonsecho mwana wa zaka 5, 7 kapena 9 ndiye amene lamba wa akulu amamudutsa pamimba ndi pakhosi. Mpando wokwezawu unayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo ntchito yake ndi yosavuta kumva. Ulibe malamba akeake. Umangokweza mwana kuti lamba wa galimoto adutse pamalo oyenera, ndipo uli ndi timanja tiwiri m'mbali timene timagwira chigawo chapansi cha lamba kuti chisakwere pamimba. Pa muyezo wa R44 mpandowu ndi wa ana olemera makilogalamu 15 mpaka 36. Kulemera kwa mwana wamng'ono kumalembedwa m'buku lake la kuchipatala akapita kusikelo, ndipo msinkhu wake ukhoza kuyezedwa pakhoma ndi tepi ya telala kapena ya mmisiri womanga.

Mipando yokweza ilipo ya mitundu iwiri. Wina uli ndi chotsamira chachitali chofika kumutu, chokhala ndi mapiko m'mbali ndi kolowetsa lamba wa paphewa. Wina ndi kampando chabe kopanda chotsamira. Wokhala ndi chotsamira ndiwo wabwino koposa, makamaka kwa ana aang'onopo, chifukwa umateteza mutu galimoto ikawombedwa cham'mbali, ndiponso umagwira mwana akagona pa ulendo wautali kuti asagwere kunja kwa lamba. Ku Britain, kuyambira mu 2017, timipando tatsopano topanda chotsamira timavomerezedwa kwa ana okhawo otalika kuposa masentimita 125 ndi olemera kuposa makilogalamu 22. Kampando kotere kamafunanso kuti mpando wa galimoto ukhale ndi potsamira mutu pofika m'makutu mwa mwana. Magalimoto ena onyamulira katundu amene anthu amawasandutsa a banja alibe potsamira mutu pamipando yakumbuyo, ndipo m'galimoto zotere mufunika mpando wa chotsamira chachitali.

Kagwiritsidwe ntchito koyenera kali motere. Mpando wokweza uikidwe kumbuyo, pamalo pamene pali lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno momwe. Magalimoto ambiri akale ali ndi lamba wa m'chiuno yekha pampando wapakati, ndipo pamenepo mpando wokweza usaikidwe, chifukwa palibe chogwira chifuwa ndi mutu. Mwana akhale tsonga, msana utatsamira. Chigawo chapansi cha lamba chidutse pansi pa timanja tija ndi kugona pamwamba pa ntchafu. Chigawo chapamwamba chidutse pakati pa chifuwa ndi pakati pa phewa, osakhudza khosi ndiponso osagwera pamkono. Lamba asapotane, ndipo akamangidwa akokedwe kuti athine. Chikwama cha kusukulu chichotsedwe kumsana. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, jekete yokhuthala imasiya mpata pakati pa lamba ndi thupi, choncho ndi bwino kumanga mwana kaye kenaka n'kumufunditsa pamwamba. Mwana akatsika, mpando wopanda munthuwo umangidwe ndi lamba kapena uikidwe kobisika, popeza pa ngozi nawonso umauluka n'kuvulaza okwera.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kupititsa lamba wa paphewa kumsana kapena kumkhwapa. Ana amachita zimenezi okha chifukwa lamba akuwapweteka pakhosi, ndipo makolo amalekerera pofuna kuti mwana aleke kudandaula. Lamba akapita kumsana, mutu ndi chifuwa zimakhala zopanda chogwira. Akapita kumkhwapa amathyola nthiti. Kudandaula kwa mwana koteroko ndi umboni wakuti akadali wamfupi ndipo akufunika mpando wokweza. Pilo, bulangete lopinda kapena thumba la zovala sizingalowe m'malo mwa mpandowu, chifukwa zimafinyika ndi kutsetsereka pa nthawi ya ngozi, ndipo zilibe timanja togwira lamba.

Funso limene makolo amafunsa kawirikawiri ndi lakuti mwana asiye liti mpando wokweza. Choyang'ana chachikulu ndi msinkhu, zaka zimangothandizira. Lamulo la ku Britain limafuna mpando wa mwana mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135. Ku Germany muyezo wake ndi zaka 12 kapena masentimita 150. Madokotala a ana ku United States amalangiza masentimita 145, msinkhu umene ana ambiri amafika ali ndi zaka za pakati pa 8 ndi 12. Kholo likhoza kuyesa lokha pakhomo galimoto itaima. Mwana akhale pampando wakumbuyo wopanda chokwezera, msana utatsamira kwathunthu. Ngati mawondo akupindika bwino kumapeto kwa mpando, lamba wapansi wagona pantchafu, wapamwamba wadutsa pakati pa phewa, ndipo mwanayo angathe kukhala chomwecho ulendo wonse osatsetsereka, ndiye kuti wafikapo. Chimodzi chokha chikalephereka, mpando wokweza ukufunikabe. Popeza mipando ya magalimoto imasiyana kukula, mwana akhoza kukwanira m'galimoto ina n'kuperewera m'galimoto inzake.

Mpando wakutsogolo uli ndi nkhani yakeyake. Ana amaulirira chifukwa ndi pamene pamaoneka msewu bwino, ndipo makolo ena amausandutsa mphoto ya mwana amene wakhoza mayeso. Mwambi uja wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere yekha sugwira ntchito pamenepa, chifukwa pa ngozi sipakhala mwayi wophunzirapo. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ali ndi thumba la mpweya lotchedwa airbag kutsogolo kwa wokwera. Thumbali limafufuma pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola, ndipo linakonzedwa kuti lilandire chifuwa cha munthu wamkulu womanga lamba. Mwana wamfupi limamumenya kumutu ndi kukhosi. Mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo usaikidwe konse kutsogolo kwa thumba limene likugwira ntchito. Madokotala a ana amalangiza kuti mwana aliyense wosakwana zaka 13 azikhala kumbuyo. Zitseko zakumbuyo za magalimoto ambiri zili ndi kaloko m'mphepete koletsa kutsekula chitseko kuchokera m'kati, ndipo kaloko kameneka kagwiritsidwe ntchito. Popeza magalimoto m'dziko muno amayenda kumanzere kwa msewu, ana azikwera ndi kutsikira chitseko chakumanzere.

Za mtengo nazo ziyenera kunenedwa poyera. Mipando yatsopano ndi yodula kwa mabanja ambiri, ndipo yambiri imene imapezeka ndi ya pakaunjika. Wogula ayang'ane kachikwangwani kooneka ngati lalanje, kokhala ndi chilembo cha E m'kati mwa kamzere kozungulira, kamene kamasonyeza kuti mpandowo unayesedwa pa muyezo wa R44 kapena R129 ndiponso kulemera kapena msinkhu wa mwana woyenera. Ayang'anenso ming'alu, malamba othetheka ndi zomangira zosatseka bwino. Mpando umene unakhalapo pa ngozi usagwiritsidwenso ntchito ngakhale ukuoneka wabwino, ndipo umene wakhalitsa padzuwa pulasitiki yake imafooka. Chotonthoza n'chakuti mwa mipando yonse itatu, wokweza ndiwo wotsika mtengo, ndipo mwana amaugwiritsa ntchito zaka zambiri. Banja limene lakwanitsa kugula galimoto ndi kuthira mafuta mwezi ndi mwezi liuwerengere mpandowu ngati mbali ya mtengo wa galimotoyo, monga m'mene limawerengera matayala ndi inshulansi.

Anthu ambiri m'wodi muno alibe galimoto, ndipo ana awo amayenda pa minibasi, pa Sienta za matola, kumbuyo kwa lole kapena pa njinga zamoto za kabaza. Nkhaniyi ikuwakhudza chimodzimodzi, ngakhale kuti zimene angachite n'zochepa. M'minibasi, mayi wonyamula mwana apewe mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala ndiponso wa pakhomo, ndipo amumasule mwana kumsana asanakhale pansi, kuti asamupanikize ku mpando. Pamene pali lamba koma palibe mpando wa ana, mwana wamkulupo akhale kumbuyo ndi kumanga lambayo, chifukwa kumanga kumaposa kusamanga. Ana asakhale m'malo oikamo katundu kumbuyo kwa galimoto, kumene kumayamba kuphwanyika galimoto ikawombedwa kumbuyo. Kumbuyo kwa lole kapena pikiapu kulibe chogwira munthu aliyense, ndipo maulendo a mpira wa sukulu, a kwaya ndi a ukwati akonzedwe poganizira zimenezi. Pa kabaza, mwana amene mapazi ake safika popondera sangathe kudzigwira njinga ikagwedezeka, ndipo kumuika pathanki kutsogolo kwa woyendetsa n'kumuika pamalo oyamba kugunda.

Makolo amene amalipira galimoto yotengera ana kusukulu ali ndi mphamvu imene nthawi zina saizindikira. Iwo ndiwo olemba ntchito. Asanapereke ndalama za mwezi ali ndi ufulu woona galimotoyo, kuwerenga mipando ndi malamba, ndi kufunsa kuti imanyamula ana angati. Galimoto ya mipando 7 yonyamula ana 15 ilibe njira yotetezera anawo. Makolo angapo akagwirizana, dalaivala amamva msanga kusiyana ndi pamene kholo limodzi likudandaula palokha.

Pali ntchito zimene wodi ino ingagwire popanda kudikira thandizo lochokera kutali. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera akhoza kuika nkhaniyi pa misonkhano yawo ndi kuitana apolisi a pamsewu kapena akuluakulu a nthambi ya boma ya DRTSS kuti adzafotokoze malamulo a pamsewu. Alangizi a zaumoyo, amene amakumana ndi amayi mwezi uliwonse kusikelo, akhoza kuonjezera uphungu wa kayendedwe ka ana pa uphungu wa zakudya ndi katemera. Makomiti a sukulu ndi magulu a amayi akhoza kulemba mayina a madalaivala onse otenga ana ndi kugwirizana nawo za chiwerengero cha okwera. Mipingo ndi magulu a banki mkhonde akhoza kukonza zoti mpando umene mwana wina waukulira upite ku banja lina lodziwika, m'malo mongousunga m'nyumba, ndipo ubwino wake ndi wakuti mbiri ya mpandowo imadziwika. Mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana zochepetsa ndi theka imfa za pamsewu pakati pa 2021 ndi 2030, ndipo dziko la South Africa linakhazikitsa kale mu 2015 lamulo lakuti ana osakwana zaka 3 azikhala pampando wa ana m'galimoto za anthu wamba.

Ana amatsanzira zimene akuona. Bambo amene amamanga lamba pokhapokha akaona apolisi kutsogolo asayembekezere kuti mwana wake adzamanga mwa kufuna kwake. Lamulo la pabanja likhale lakuti galimoto siinyamuka mpaka aliyense atamanga, ngakhale ulendo uli wongofika kuchigayo kapena kutchalitchi, pakuti misewu yoyandikira kunyumba ndiyo imene banja limayendamo kawirikawiri. Pempho kwa kholo lililonse limene lili ndi galimoto, kapena limene limakweza mwana m'galimoto ya wina, ndi lakuti sabata ino liyeze msinkhu wa mwanayo, limukhazike pampando wakumbuyo, ndi kuona pamene lamba akudutsa.